Abu Hanifa al-Dinawari, Katswiri wa Zomera

Ophunzira akamva dzina la Abu Hanifa amaganiza za Imam wa fiqh yemwe adamwalira mu 767. Amene tikukamba lero ndi wina, wa ku Dinawar, kumadzulo kwa dziko la Iran. Adaphunzira Chiarabu ku Basra ndi ku Kufa, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake anali Ibn al-Sikkit. Adakhalakonso ku Isfahan akufufuza kayendedwe ka nyenyezi, nalemba buku la mbiri yakale lotchedwa al-Akhbar al-Tiwal. Adamwalira cha m'ma 895, Allah awachitire chifundo.

Chomwe adatchuka nacho kwambiri ndi Kitab al-Nabat, Buku la Zomera. Sadangokopera za m'mabuku. Ankafunsa Aluya a m'chipululu, oweta ngamila, omwe ankadziwa chitsamba chilichonse ndi dzina lake. Kwa ine apa ndi pamene pali ukulu wake: munthu wophunzira chotere kukhala pansi kumvera abusa a ziweto.

Tione mtengo umodzi, wa arak. Iye adalemba kuti nthambi zake zimaposa za mitengo ina yonse potsukira mano, komanso kuti ziweto zikaudya mkaka umanunkhira bwino. Ndiwo mtengo wa miswak, ndipo liwu lathu loti mswachi lidachokera komweko kudzera m'Chiswahili.

Akatswiri a masiku ano amautcha Salvadora persica, ndipo amauika m'banja laling'ono la Salvadoraceae. Banjali lili ndi magulu atatu okha: Salvadora, Dobera ndi Azima. Ndi zitsamba ndi mitengo ing'onoing'ono ya m'madera otentha ndi ouma a mu Africa ndi Asia. Masamba ake ndi okhuthala, amamera awiriawiri moyang'anizana, maluwa ndi ting'onoting'ono, kawirikawiri a magawo anayi. Mukatafuna miswak yatsopano mumamva kuyabwa pang'ono ngati mpiru. Sizodabwitsa, chifukwa banjali ndi pachibale ndi mpiru, kabichi, papaya ndi cham'mwamba. Kagawidwe kameneka kadabwera zaka mazana ambiri iye atamwalira; iye ankasanja zomera potengera maonekedwe, ntchito yake ndi zilembo za maina.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mbali yaikulu ya bukuli idatayika. Mwa magawo asanu ndi limodzi, lachitatu ndi lachisanu ndi omwe adapezeka. Muhammad Hamidullah adatolera zidutswa za gawo lomaliza kuchokera m'mabuku a olemba ena omwe ankatchula mawu a al-Dinawari, ndipo zidasindikizidwa ku Cairo mu 1973.