Isaac Asimov: Mwana wa m'kasitolo amene anaikira makina malamulo

Kuno ku Lusaka tikamva za maloboti timaganiza za magetsi a pamphambano mu Cairo Road. Koma maloboti a Isaac Asimov anali ena: makina oganiza ndi kugwira nchito ngati munthu.

Asimov anabadwira ku Petrovichi, m'dziko la Russia, mu 1920. Mu 1923 banja lao linasamukira ku Brooklyn, ku America, kumene atate ake anadzatsegula kasitolo ka maswiti ndi manyuzipepala. Mnyamatayo anali kuthandiza kugulitsa, uku akuwerenga magazini a nthano za sayansi amene anali pamalonda. Anaphunzira mpaka kutenga digiri yapamwamba ya chemistry pa Columbia University mu 1948, nakaphunzitsa pa Boston University. Mabuku amene analemba kapena kusonkhanitsa ndi pafupifupi 500.

Mu 1942 anatulutsa nthano yochedwa Runaround, mmene anaikira maloboti malamulo atatu. Moyo wa munthu anauika patsogolo pa zonse. Kumvera munthu kunabwera paciwiri, ndipo kudzisunga kwa makinawo kunali kothera.

Komabe mwiniwake anaonetsa kuti malamulo paokha sakwanira. M'nthanoyo loboti anatumidwa kumalo oopsa. Lamulo la kumvera linamukankhira kutsogolo, la kudzisunga linamubweza, ndiye anangozungulira pamalo amodzi pamene eni ake anali pafupi kufa. Zinatheka pokhapo munthu mmodzi ataika moyo wake pangozi kuti makinawo adzidzimuke.

Asimov anamwalira ku New York pa 6 April 1992, ali ndi zaka 72. Mu 2002 banja lake linaulula kuti anatenga kacilombo ka HIV m'magazi amene anamuthira pa opaleshoni ya mtima mu 1983.

Nanga ife za mzunguyu zitikhudza bwanji? Makina oganiza, amene akuwacha AI, analowa kale m'mafoni athu. Mu 2024 boma la Zambia linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI. Caka comweco Papa Francis anacenjeza atsogoleri a maiko a G7 ku Italy kuti makina asapatsidwe mphamvu yosankha kupha munthu.

Makina a lero alibe malamulo atatu aja m'mutu. Amaphunzira pa zolemba za anthu, zoona ndi zabodza zomwe. Tsono taganizani kompyuta ikacotsa dzina la mlimi pamndandanda wa fataleza, kapena ikakaniza ngongole mai wogulitsa tomato ku Kanyama. Adzadandaula kwa yani? Kompyuta siyimbidwa mlandu, ndipo silapa.

Inu alimi ndi akristu anzathu a ku Matero, Chawama ndi Mtendere, wina akakuuzani kuti makina ndiwo akana, musabwerere kunyumba msanga. Funsani dzina la munthu amene akuyang'anira makinawo, ndipo iyeyo akuyankheni.