Malemu Paul Ngozi, katswiri wa gitala wa ku Lusaka

Papita zaka zoposa 30 chimwalirireni Paul Ngozi, koma nyimbo zake zikumvekabe mpaka kutsidya kwa nyanja.

Ngozi, yemwe dzina lake lenileni lidali Paul Dobson Nyirongo, adabadwa m'chaka cha 1949 ndipo adakulira ku Chibolya, dera la anthu ovutika mumzinda wa Lusaka m'dziko la Zambia. Iye adaimbako ndi gulu la Musi-O-Tunya asadakhazikitse gulu lake la Ngozi Family, lomwe lidatchuka ndi chamba cha Zamrock.

Zina mwa zimbale zomwe adajambula ndi Day of Judgement cha mu 1976 komanso 45,000 Volts cha mu 1977. Poimba, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja momwe, iye amadandaulira umphawi ndi mavuto a anthu wamba amene adakula nawo, ndipo n'chifukwa chake anthuwo adamukonda kwambiri.

Ngozi adamwalira m'chaka cha 1989.

M'chaka cha 2024, woimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatenga mbali ya nyimbo ya Nizakupanga Ngozi n'kuiika m'nyimbo yake ya Noid. Izi zidachititsa kuti achinyamata a m'maiko ambiri, omwe adabadwa Ngozi atamwalira kale, amve mawu ake koyamba.