Manute Bol, Chimphona Chimene Anakachitenga Koweta Ng'ombe

Anzanga, dzina la dera lathu lino la Goliati limatikumbutsa chimphona cha m'Baibulo, ndiye mwezi uno ndati ndikulembereni za chimphona china cha kuno ku Africa. Dzina lake anali Manute Bol, ndipo kutalika kwake kunali mamita 2.31. Pakhomo la kalasi yathu ya Fomu 2 akanalowa chowerama basi.

Manute anakulira ku Turalei, kummwera kwa Sudan, kumene lero ndi dziko la South Sudan. Anali wa mtundu wa Adinka, ndipo ubwana wake wonse unathera koweta ng'ombe, osati m'kalasi. Basiketibolo anaiyamba ali ndi zaka ngati zangazi. Amati tsiku lina atalumpha kuti alowetse mpira mu ringi anagulukira mano pompo. Sanafooke ayi. Anasewera ku Wau, kenako ku Khartoum, mpaka analowa timu ya dziko lake.

Kuti mumvetse zimene zinamuchitikira, ndifotokoze kaye momwe makoleji a ku America amasakira osewera. Kumeneko timu ya koleji ikamapambana, anthu amadzaza holo, a TV amalipira ndalama zambiri, dzina la sukulu n'kutchuka. Ndiye makochi sagona tulo. Amazungulira m'masekondale, amalembera ana makalata, amakacheza ndi makolo kunyumba, amaitana mwanayo kuti adzaone kolejiyo. Nyambo yaikulu ndi sikolashipi: fizi, pogona, chakudya ndi mabuku, zonse zaulere. Koma pali bungwe lotchedwa NCAA limene limayang'anira masewerawa. Masiku amenewo linkaletsa kupatsa wosewera ndalama zapadera, komanso linkafuna kuti wosewera akhale wophunzira weniweni.

Mu 1982 kochi wina wa ku America, Don Feeley, anapita ku Sudan kukaphunzitsa basiketibolo. Ataona Manute anamunyengerera kuti apite ku America, ndipo mu 1983 anafika naye kwa Kevin Mackey, kochi wa yunivesite ya Cleveland State. Mapepala a Manute anali oseketsa. Pasipoti inkati ndi wamfupi kuposa ambiri a ife, ndipo mwiniwake ankafotokoza kuti anamuyeza atakhala pansi. Tsiku lobadwa limene timaliona m'mabuku, 16 Okutobala 1962, Mackey anadzaulula patapita zaka zambiri kuti anachita kulipeka yekha.

Apa ndi pamene ine pamandiwawa. Munthu amene sankatha kuwerenga kapena kulankhula Chingerezi anamutengera ku yunivesite. Ife pano kuti tiyambe Fomu 1 tinachita kukhoza mayeso a Sitandade 8, ena timayenda mtunda wautali m'minda ya tiyi mame ali thoo, koma uyu ankafuna kumulowetsa koleji chifukwa cha msinkhu basi. Ndiye ankafuna Manute kapena ankafuna miyendo yake? Anamuika m'makalasi a Chingerezi mumzinda wa Cleveland kwa miyezi ingapo, koma sizinakwane. Sanasewereko timu ya Cleveland State ngakhale kamodzi. Patapita zaka zingapo NCAA inalanga yunivesiteyo chifukwa chopereka thandizo la ndalama losaloledwa kwa Manute ndi osewera ena awiri a ku Africa.

Amene anapindula ndi yunivesite yaing'ono ya Bridgeport ku Connecticut, imene inali ndi maphunziro a Chingerezi a alendo. Manute anasewera kumeneko mu 1984 mpaka 1985. Pa masewero alionse ankagoletsa mapointi pafupifupi 22 ndi kutchinga mipira 7. Holo yawo ya mipando 1,800, imene kale sinkafika ndi theka lomwe, inayamba kudzaza. Mwaona chimene makochi amavutikira? Koma anakhalako chaka chimodzi chokha, digiri sanatenge. Kwawo kunali nkhondo ndipo abale ake ankafuna thandizo.

Mu 1985 timu ya Washington Bullets inamutenga mu ligi yaikulu ya NBA. Chaka choyambacho anatchinga mipira 397. Anaseweranso Golden State, Philadelphia ndi Miami, zaka khumi zonse pamodzi. Chimene chimandiseketsa n'chakuti mipira imene anatchinga, 2,086, ndi yambiri kuposa mapointi amene anagoletsa, 1,599. Nthawi ina anali timu imodzi ndi Muggsy Bogues wa mamita 1.60. Tangoganizani awiriwo ataima pamodzi!

Ndalama zambiri zimene anapeza anazitumiza kwawo kuthandiza anthu ovutika ndi nkhondo, mpaka iye mwini anasauka. Mu 2004 anachita ngozi ya takisi n'kuthyoka khosi, koma anachira. Zaka zake zomaliza anazithera pa ntchito yomanga masukulu ku Sudan, kuyambira kwawo ku Turalei. Kwa ine apa ndi pamene anakulira kuposa msinkhu wake, chifukwa munthu amene makoleji anangomudutsitsa ndi amene anakamangira ana makalasi. Anamwalira pa 19 Juni 2010 ku Charlottesville, ku Virginia, atadwala impso, ndipo anakamuika ku Turalei. Ufulu wa South Sudan wa mu 2011 sanauone.

Mwana wake, Bol Bol, anaphunzira sekondale ku America konko, ndipo iyeyu ndiye makoleji akuluakulu anachita kumulimbirana. Anasankha Oregon, kumene anayamba mu 2018. Anasewera masewero 9 okha, anavulala phazi, ndipo chaka chotsatira anali atalowa kale NBA.