Eric Liddell, Wothamanga ndi Mphunzitsi

Eric Liddell anabadwa pa 16 Januwale 1902 ku Tientsin, m'dziko la China, kumene makolo ace, anthu a ku Scotland, anali kugwira nchito ya London Missionary Society. Ali wamng'ono anamtumiza ku Eltham College, sukulu ya ana a amishoni ku England, ndipo atakula anakaphunzira sayansi ku Yunivesite ya Edinburgh. Kumeneko ndiko kumene liwiro lace linamveka.

M'caka ca 1923, pa mpikisano wa mayadi 440 ku Stoke-on-Trent, mnzace wina anamgunda atangoyamba kuthamanga, ndipo anagwa. Pamene anadzuka, anzace anali atamsiya patali. Koma iye anawalondola, nawapitirira mmodzimmodzi, nafika woyamba. Atangodutsa pothera anagwanso, mphamvu zonse zitamthera.

Itatsala miyezi ingapo kuti masewera a Olympic a 1924 ayambe ku Paris, anamva kuti mpikisano woyamba wa mamita 100, mtunda umene anauzolowera koposa, udzacitika Lamulungu. Anakana kuthamanga tsiku limenelo, ndipo ambiri anamdzudzula. Iye sanataye nthawi ndi kudandaula kapena kudzikanira. Anaika mtima pa mamita 400, nadziphunzitsa mtundawo miyezi yonse yotsalayo. Pa 11 Julayi 1924 anapambana m'masekondi 47.6, nalandira mendulo ya golidi.

Caka cotsatira anasiya ulemu wonsewo nabwerera ku Tientsin kukaphunzitsa sayansi ndi masewera pa Anglo-Chinese College. Anadzozedwa ubusa mu 1932, nakwatira Florence Mackenzie mu 1934. Nkhondo ya pakati pa Japan ndi China itakula, mu 1941 anatumiza mkazi wace ndi ana ao akazi awiri ku Canada, iye natsala pa nchito. Mwana wacitatu anabadwira komweko, ndipo atate wace sanamuone konse.

Mu 1943 asilikali a Japan anamtsekera pamodzi ndi alendo ena ambiri mu msasa wa Weihsien. M'menemo munalibe khamu lomuombera m'manja. Munali njala, kuthithikana ndi mikangano. Ndipo ndi m'menemo m'mene makhalidwe amene anawaphunzira pa bwalo anaonekera bwino. Monga wothamanga sadumpha tsiku la kudzikonzekera, iye anali kudzuka mbandakuca kuwerenga Mau a Mulungu ndi kupemphera, ena ali mtulo. Posowa mabuku, analemba ndi dzanja lace maphunziro a sayansi kuti ana okulirapo asabwerere m'mbuyo. Anasenzera okalamba ndi odwala malasha ndi madzi, nakonza zosewerera za ana zikathyoka.

Poyamba anakana kuyang'anira masewera Lamulungu. Koma anyamata atasewera okha tsiku lina, masewerawo anathera m'ndeu. Ndipo Lamulungu lotsatira iye anafika pa bwalo kudzawaweruza. Munthu amene anakana kuthamanga Lamulungu pofuna ulemu wa iye mwini anabvomera kuimirira pa bwalo tsiku lomwelo cifukwa ca mtendere wa ana.

Anamwalira mu msasamo pa 21 Febuluwale 1945 ndi cotupa ca m'ubongo, ali ndi zaka 43. Msasawo unamasulidwa mu Ogasiti caka comweco.

Mpikisano wa ku Paris sunakwane ndi mphindi imodzi yomwe. Nchito yace ya uphunzitsi ndi umishoni ku China inatenga zaka pafupifupi 20. Mphunzitsi amene akonza phunziro la mawa usiku pa nyali, ngakhale woyendera sukulu sadzabwera; amene ana ace akalephera mayeso ayambanso nao osataya mtima; amene akasowa mabuku alemba yekha, ameneyo ali pa njira yomwe anayendamo Liddell, ndipo ana amene ali pamaso pace ndiwo mphotho yace.