Sophie Germain ndi manambala

Sophie Germain anabadwa mu 1776 mu mzinda wa Paris, ku France. Pamene anali ndi zaka 13, mu mzindamo munabuka cipolowe cacikulu. Iye sanali kutha kuyenda panja. Ndiye Sophie anayamba kuwerenga mabuku a atate ake. Buku lina linali la masamu, ndipo analikonda kwambiri.

Makolo ake sanakondwere. Masiku amenewo anthu anali kuganiza kuti masamu ni a anyamata cabe. Usiku anali kumulanda makandulo ndi zovala, na kuzimitsa moto m'cipinda cake kuti agone. Koma Sophie anabisa kandulo. Onse akagona, anali kuuka, kufunda bulangeti, na kuyamba kuwerenga. Kunali kuzizira cakuti inki yolembera inali kuuma gwa! Potsiriza makolo ake anamuleka.

Mu 1794 ku Paris kunatsegulidwa sukulu yaikulu ya masamu ndi sayansi. Atsikana sanali kuloledwa kulowamo. Sophie anapeza zolemba za maphunziro a pa sukuluyo. Anali kutumiza mayankho ake ndi dzina la mwamuna, Le Blanc. Mphunzitsi wina, Lagrange, anadabwa ndi nzeru za wophunzira ameneyu. Atakumana naye, anapeza kuti ni mtsikana! Sanakwiye ai, anayamba kumuthandiza.

Sophie anakonda manambala ochedwa prime. Tengani miyala 5. Kodi mungaigawe mofanana kwa ana awiri, atatu kapena anai? Iyai, ina idzatsala. Imagawika cabe kwa ana asanu, mwala umodzi-umodzi. Conco 5 ni prime. Tsopano onkhetsani 5 + 5 + 1. Yankho ni 11, ndipo 11 nayonso ni prime. Koma 7 + 7 + 1 ni 15, ndipo miyala 15 imagawika bwino kwa ana atatu. Lero manambala monga 2, 3, 5 ndi 11 amachedwa ndi dzina la Sophie Germain.

Mu 1816 Sophie anapambana mphoto yaikulu ya sayansi ku Paris. Anali mkazi woyamba kuipambana. Anamwalira ndi matenda a khansa mu 1831, ali ndi zaka 55. Ku Paris kuli mseu ndi sukulu zimene zili ndi dzina lake, ndipo pa sukulu imeneyo atsikana amaphunzira masamu.