Sir John Kirk, Kazembe Amene Anatseka Msika wa Akapolo

Abale, pokumbukira zaka zapitazo tisaiwale dzina la John Kirk. Iye anabadwa ku Scotland m'caka ca 1832, naphunzira za using'anga ku Edinburgh. M'caka ca 1858 anadza ndi David Livingstone ku mtsinje wa Zambezi, ndipo m'caka ca 1861 anayenda naye m'ngalawa yaing'ono pa nyanja yathu yino, napita m'mbali mwa gombe lathuli. Pamenepo anaona ndi maso ace midzi yopasuka ndi anthu omangidwa m'magoli. Masiku amenewo akapolo anali kuoloka nyanja pa Nkhotakota, nayenda ulendo wautali kufikira ku Kilwa, ndipo ambiri a iwo anali kugulitsidwa pa msika wa ku Zanzibar.

M'caka ca 1866 Boma la Angerezi linamtuma ku Zanzibar komweko, ndipo pambuyo pace anakhala kazembe wamkuru. Zimene anaziona kwathu kuno sizinacoke mumtima mwace. Anapirira pokambirana ndi Sultani Barghash, kufikira m'mwezi wa June 1873 Sultaniyo anabvomera pangano lakuletsa kutumiza akapolo pa nyanja yamcere. Msika uja unatsekedwa, ndipo pa malo pace anamangapo nyumba ya Mulungu imene iripo ndi lero. Malonda oipawo sanathe tsiku limodzi, pakuti kuno anapitirira zaka zina makumi awiri. Koma muzu wace unali utadulidwa.

Mfumu yaikazi Victoria inamlemekeza ndi dzina la Sir m'caka ca 1881, nimuonjezera ulemu wa G.C.M.G. m'caka ca 1886. Anapuma pa nchito m'caka ca 1887, koma atapuma anamtumanso ku msonkhano wa ku Brussels, kumene maiko ambiri anapangana m'caka ca 1890 kuthetsa malonda a akapolo. Anamwalira ku Sevenoaks m'caka ca 1922, ali ndi zaka 89. Mapiri a ku Ntcheu ochedwa Kirk Range asunga dzina lace.

Inu aphunzitsi, uzani ana mbiri imeneyi. Maulemu a mafumu ali zilembo cabe pa pepala. Ulemu weniweni wa munthu uyu ndi uwu, wakuti lero mai wa pa Benga atuma mwana wace ku nyanja kukatunga madzi, ndipo mwanayo abwera.