Malemu Cus D'Amato, Mphunzitsi wa Kulewa Nkhonya

Ambiri a ife tinamva dzina la Mike Tyson pa wailesi tisanamve la nkhalamba imene inamuumba. Nkhalambayo inali a Constantine D'Amato, amene anthu anali kungowachula kuti Cus. Anabadwa pa 17 Januwale 1908 ku Bronx, mu mzinda wa New York, m'banja la anthu ocokera ku Italy. Akali mnyamata anamenyana ndi munthu wina mumsewu ndipo diso lawo limodzi linaonongeka, kotero kuti sanathe kukhala womenya nkhonya wolipidwa. Ife tiganiza kuti diso limenelo ndilo linawaphunzitsa mtengo wa cibakera cimodzi cofika kumutu.

M'zaka za m'ma 1930 anayamba kuphunzitsa anyamata pa Gramercy Gym, mu msewu wa 14th Street, ndipo kwa zaka zambiri anali kugona momwemo. Kumeneko ndiko kunakhwimira kamenyedwe kawo, kamene ena anakapatsa dzina lonyoza lakuti peek-a-boo, potengera sewero la ana lobisa nkhope kuseri kwa manja. Mnyamata anali kuika magolovesi pamasaya, zigongono zitaphimba nthiti, cibwano cili pansi, maso okha ali kusuzumira. Koma manja anali mpanda waciwiri cabe. Woyamba unali mutu umene sukhala malo amodzi.

Munthu aliyense akaona cibakera cikubwera amatsinzina ndi kubwezera mutu kumbuyo. A D'Amato anali kudana nako kucita tero, pakuti wobwerera kumbuyo akali m'njira ya nkhonya, ndipo yaciwiri imam'peza alibe poponda. Iwo anali kufuna kuti mutu upatukire kumanja kapena kumanzere pang'ono pokha, cibakera cipite cikupukuta khutu. Nkhonya yozungulira yocokera m'mbali anali kuilowa pansi: mnyamata apinde maondo, atsike, atulukire mbali inayo. Zonsezi azicita akusendera kutsogolo, cifukwa mdani amene waphonya amakhala atatambasula mkono, nthiti ndi cibwano zili pamtunda. Lamulo limene anali kulibwereza kosaleka linali lakuti ukangoponya nkhonya zako, sunthanso mutu, popeza mdani amabwezera pomwe wakuona komaliza.

Pophunzitsa zimenezi anali kupacika kathumba ka mcenga pa cingwe, kufika msinkhu wa nkhope. Mnyamata anali kukakankha, n'kuima m'njira yake, kukalewa pobwera kutsogolo ndiponso pobwerera kucokera kumbuyo, kambirimbiri tsiku ndi tsiku, kufikira thupi litayamba kucita lokha. Nkhonya nazonso anazipatsa manambala. Anamanga matiresi pa cimango, n'kulembapo manambalawo, ndipo mau ojambulidwa pa tepi anali kuitana manambala pamene mnyamata akumenya ndi kulewa. Anali kuphunzitsanso kuti mantha ali mwa wina aliyense, ngwazi ndi wamantha yemwe, ndipo anali kuwayerekeza ndi moto umene umaphika cakudya ukausamala koma umatentha nyumba ukaulekerera. Mnyamata wogwidwa ndi mantha amauma khosi, ndipo khosi louma silingalewe kanthu.

Cipatso coyamba cinali Floyd Patterson, mnyamata wamanyazi amene anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympics ku Helsinki mu 1952. Pa 30 Novembala 1956 anagwetsa Archie Moore mu raundi yacisanu ku Chicago, nakhala ngwazi ya dziko lonse ya olemera kwambiri ali ndi zaka 21. Masiku amenewo nkhonya za ku America zinali m'manja mwa kampani ya International Boxing Club, imene inali kuyendera limodzi ndi zigawenga, ndipo a D'Amato anakana kugwira nayo nchito. Ena anawatama cifukwa ca kulimba mtima. Ena anati anali kungobisa mnyamata wawo kwa adani oopsa. Mwa kuona kwathu mbali zonse ziwiri zinali ndi coona. Mu 1959 Ingemar Johansson wa ku Sweden anagwetsa Patterson kasanu ndi kawiri mu raundi imodzi, koma caka cotsatira Patterson analanda lamba uja, woyamba kutero pakati pa olemera kwambiri. Mu 1962 anaumirira kumenyana ndi Sonny Liston, aphunzitsi ake asakufuna, ndipo anagwa raundi yoyamba isanathe. Ubwenzi wawo unazirala kucokera pamenepo.

José Torres wa ku Puerto Rico anatsatira mu 1965, pamene anagonjetsa Willie Pastrano ku Madison Square Garden, m'gulu la kulemera lomwe lija anamenyamo Lottie Mwale wathu. Zitatha izi a D'Amato anacoka mu mzinda, ndalama zitawathera, nakakhala ku Catskill pafupi ndi mtsinje wa Hudson, m'nyumba ya mayi Camille Ewald. Malo awo ophunzitsira anali pamwamba pa ofesi ya apolisi.

Kumeneko Bobby Stewart, mlangizi wa pa sukulu ya ana opulupudza ya Tryon, anawabweretsera Tyson ali ndi zaka pafupifupi 13. Mnyamatayo anali wamfupi kwa gulu lake, wa mikono yaifupi, moti sakanam'fika mdani wamtali popanda kudutsa pansi pa nkhonya zake. Kamenyedwe ka nkhalamba kanam'kwana ngati malaya osokera iye. A D'Amato anam'landira m'nyumba, ndipo amayi ake atamwalira anakhala omulera mwalamulo. Sitibisa kuti apa pali banga: pofuna kuona ngwazi ina asanatsikire kuli cete, anali kulekerera zolakwa za mnyamatayo, ndipo wothandiza wawo Teddy Atlas anacoka mu 1982 pa mkangano wokhudza khalidwe lake.

Ngwaziyo sanaione. Anamwalira ndi cibayo pa 4 Novembala 1985 ali ndi zaka 77, Tyson atapambana nkhonya zolipidwa 11. Pa 22 Novembala 1986 mnyamata uja anagwetsa Trevor Berbick mu raundi yaciwiri ku Las Vegas, ali ndi zaka 20, naposa mbiri ya Patterson. Pakona pake panali Kevin Rooney, wophunzira wina wa a D'Amato, amene anapitiriza kathumba ka mcenga ndi manambala aja. Mu 1988 Tyson anam'cotsa nchito Rooney. Pa 11 Febuluwale 1990, ku Tokyo, analowa m'bwalo mutu uli njo, ndipo Buster Douglas, wamtali ndi wa mikono yaitali, anali kum'peza ndi dzanja lamanzere raundi ndi raundi, diso likutupa, kufikira anam'gwetsa mu raundi yakhumi.